Mphindi Imodzi pa Masitepe

Lolemba, 5 Ogasiti

Tabwerako kuchipatala. A Mdala, amuna anga, adokotala awaona, akuti bala la opaleshoni lapola bwino, ndipo mtsempha wa mtima umene unatsekeka uja tsopano magazi akudutsamo. Ndinali nditayamba kale kumwetulira, kenako anatitumiza kwa mtsikana wa fiziyo, wothandiza odwala kulimbitsa thupi, m'kachipinda kake kodzaza njinga zopalasa koma osapita kulikonse. Ndi wamng'ono kuposa mwana wathu, koma amalankhula ngati anatilera ndi iyeyo.

Akuti mtima wamphamvu sauonera pothamanga. Mtima uliwonse umathamanga munthu akakwera chitunda. Amauonera potsika: munthu akaima, umakhazikika msanga bwanji? Ndiye watipatsa ntchito. Tsiku lililonse a Mdala azikwera masitepe athu, akafika pamwamba ndiziwagwira pamkono n'kuwerenga kugunda kwa mtima. Tidikire mphindi imodzi, ndiwerengenso. Kukachepa ndi 12 kapena kuposa, zili bwino. Kukapanda kutero, mtima sunakonzeke. Tibwererekonso Lachisanu la sabata ya mawa.

A Mdala, poti anakalambira pa chiwongolero cha basi, anangoti, "Ndamva. Mukufuna muone ngati injini ikuzizira." Mtsikanayo anaseka. Ine sindinaseke.

Sindinaseke chifukwa cha Manijala, mwana wathu mmodzi yekhayo, amene anayamba kutilamula asanamere mano. Waimba foni tisanafike ndi pakhomo pomwe. Akuti Lachisanu limenelo akakanena kuti mtima wa abambo ake sunakonzeke, basi, tikusamuka. Tikakhale kwa iye, ulendo wa tsiku lathunthu kuchoka kuno, m'nyumba yopanda sitepe ndi imodzi yomwe. Chipinda anapenta kale, ati. A Mdala anavomera. Ine ndinangoti tiona.

Ife timakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja iyi, ndipo chikepe mulibe. Ndinakwera muno ndili ndi pakati pa Manijala yemweyo. Mashini yanga yosokera ili pazenera pamene dzuwa limayambira kufika m'mawa. Ine sindikusamuka. Ndalemba kuti ndizidziwerengera ndekha: sindikusamuka.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ntchito yayamba. Tinatsika mpaka pansi, tinaima kaye pakhomo kuti apume, kenako n'kuyamba kukwera, iwo patsogolo, ine pambuyo nditatambasula manja kuti akagwa ndiwawakhe. Munthu wa thupi lonselo!

Pamwamba ndinawagwira mkono mmene mtsikana uja anandionetsera, zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, m'munsi mwa chikhatho. Zii. Ndinasuntha, ndinadina, zii. Ndinawauza kuti ndakhala ndikunena kalekale kuti ndinakwatiwa ndi munthu wopanda mtima, lero umboni wapezeka. Koma vuto ndi zala zanga. Singano inazibaya zaka zonsezi mpaka khungu linakhuthala, moti ndimaphula nazo poto osamva kutentha. Chala chimene chimamva kwa ine ndi chachikulu. Ndi chimene ndimadziwira nsalu: ndikangoitikita pang'ono ndadziwa kale ngati isuluka kapena ikhalitsa. Ndiye ndinaika chala chachikulu, n'kudina bwinobwino. Pompo: du, du, du. Kumveka bwino kwambiri.

Poyamba 128. Patatha mphindi, 124. Kwachepa ndi 4 basi.

"Bwanji, a Telala?" anafunsa.

"Ndi tsiku loyamba," ndinatero. "Musathamange."

Chimene sindinayembekezere ndi mkonowo. Ndimawachapira, ndimawaphikira, kuchipatala ndinkawasambitsa, koma kungowagwira mkono n'kukhala chete, sindikukumbuka kuti ndinasiya liti. Ndi wofunda. Cheya chake nachonso chachita imvi.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndi 4 yemweyo. Ndawauza kuti zikusintha.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Mphindi imodzi ndi yaitali munthu ukamaidikira. Pamene masitepe amathera pali kazenera kamene ndakhala ndikukadutsa zaka zonsezi osasuzumirapo. Tsopano ndimaima pamenepo, mkono wa a Mdala uli m'manja, maso pa wotchi yawo, kenako maso amathawa okha. Madenga, madenga, mpaka kukathera mu utsi wabuluu. Thanki ya madzi imene nkhunda zimandandapo. Pa khonde lina munthu amayanika mashati oyera okhaokha, ndipo mphepo ikalowamo amafufuma, manja m'mwamba, ngati kwaya yofika pa vesi lomaliza. Ndimaganiza za mwini wake. Woperekera zakudya mu lesitilanti? Kapena mayi wa anyamata okhaokha? Lero ndinasankha kuti ndi mbeta yamphongo, ndinamupezera mkazi, ndinawakwatitsa, ndinawasokera makatani achikasu. Ndinali nditayamba kutchula maina a ana awo pamene a Mdala anakhosomola.

"Mayi, mphindi ija inatha dzulo."

Tinachita kutsikanso n'kuyambiranso. Iwo sanadandaule. Ine ndi amene ndinafika pamwamba nditakakamira chitsulo cha m'mbali. Nsapato izi zayamba kundithina, ndi zimene zikunditopetsa.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Mayi wa ku banki anabwera kudzaona makatani ake. Anafika ali wefuwefu, anagwera pampando, anapempha madzi, kenako anaima pazenera langa nthawi yaitali. Aliyense amatero. Amafika akutukwana masitepe, amachoka akuti, "Koma kuno ndi kumwamba."

Nambala sinasunthe. A Mdala akuti ndiziwapatsa malikisi ngati kusukulu. Ndawapatsa "ayesetse".

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndaona chinthu lero chimene sindingauze munthu, angandiseke.

Ndikuwerenga muja, m'makutu mwanga munkamveka mtima wanga, monga zimachitikira munthu ukakwera msanga. Ndinatchera khutu. Du m'khutu, du pansi pa chala. Du, du. Limodzi, osasemphana ngakhale pang'ono. Ndinasiya kuwerenga n'kungomvetsera. Wanga utadumpha kamodzi, wawonso unadumpha pomwepo.

Ndiye kuti zimatheka? Anthu awiri kugona chipinda chimodzi, kupuma mpweya umodzi, kukanganirana mchere womwewo chaka ndi chaka, mpaka mitima n'kuphunzirana mayendedwe? Ndinawayang'ana. Iwo n'kuti akuchotsa kanyama m'mano ndi lilime, maso ali kudenga, osadziwa kuti asanduka munthu wa m'nyimbo zachikondi.

Masana onse ndapinda m'munsi mwa siketi ya kasitomala ndikumwetulira ndekha. Ndinakumbuka masiku ankayendetsa basi ya m'mawa. Akafika pa msewu wathu ankaliza hutala kawiri, mwachidule, ngakhale kunali koletsedwa, ndipo ine ndinkaimitsa mashini osadzuka, n'kungomvera basi ikupita mpaka phokoso litasungunuka. Sitinakambiranepo za hutala imeneyo, ngakhale tsiku limodzi.

Nambala ndi yomweyo, koma lero sindinakwiye nayo. Ngati mtima wawo ukutsatira wanga, ndiye ndiukhazika pansi wangawu, wawo ubwera pambuyo.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Manijala waimba.

"Amayi, manambala akuti bwanji?"

"Akuyenda."

"Akuyenda kupita kuti?"

Mwana ameneyu anayenera kukhala wapolisi. Akuti kuseri kwa chipinda chathucho kuli kabwalo ka kapinga, abambo ake azikawotherapo dzuwa, adzukulu azikawakwera pamsana. Akuti makasitomala anga omwe amadandaula masitepe. Anamuuza ndani? Ndinamuyankha kuti wofuna diresi yomukhala amakwera. Kenako anafunsa ngati ndayamba kukonza makatoni, ine ndinamva makatani, ndinati, "Ndatsala ndi awiri, a mayi wa ku banki." Iye akuti, "Mayi wa ku banki akusamukanso?" Tinakangana kanthawi, aliyense za zake, mpaka a Mdala anaseka n'kugwira pabala.

Nditadula foni ndinakhala pa mashini osaiponda. Ndinayang'ana dzuwa likuyenda pachipupa, kuchoka pa kalendala kukafika pa shelefu ya ulusi. Ndimadziwa nthawi ndi chipupa chimenechi. Kwa Manijala ndikakhala ndani? Agogo a m'chipinda chakumbuyo. Kuno anthu akafika pansi paja amafunsa kuti, "A telala a pamwamba alipo?"

Ndikuopa. Ndikuopa kuti a Mdala andisiya, ndipo ndikuopanso, Mulungu andikhululukire, kuti akhala moyo koma kwa Manijala.

Lolemba, 12 Ogasiti

Takumana pokhotera ndi mayi woweta amphaka wokhala pansi pathu. Anatiyang'ana tonse awiri kuyambira kumutu, nati, "Koma wodwala ndi ndani apa? Abambo akuoneka ngati akupita ku ukwati, amayi ndinu mwanyowa thukuta." Munthu amene fungo la m'nyumba mwake limatilonjera tisanafike pa chitseko chake akufuna akhale dokotala wanga. Ndinamuuza kuti ine ndimakwera nditasenza nkhawa za anthu awiri.

Nsapato ndazisiya, ndikuvala patapata. Mapazi amatupa munthu akakhalitsa pa mashini, telala aliyense amadziwa zimenezo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Tulo tinandiba masana, mutu uli pa nsalu ya kasitomala. Ndinalota masitepe athu sakuthera pakhomo pathu. Akupitirira, kuboola denga, ndipo ndi ansalu, opindidwa bwino, ofewa kumapazi. A Mdala ali patsogolo atavala yunifolomu yawo yakale, akuimba mluzu, osatembenuka. Ine ndikufuna kuwaitana kuti aime ndiwerenge, koma mpweya kulibe. Sikunali koopsa ayi. Kunali kuwala kwa m'mawa, mashati oyera aja akudutsa m'mbali mwathu mmodzimmodzi, ndipo ndinkangodziuza kuti ndikhale pansi pang'ono, pang'ono chabe.

Ndinadzuka ulusi utamatirira patsaya. A Mdala anali atandifunditsa juzi yawo, ali phee pampando akundiyang'ana.

"Mumapuma mothamanga," anatero.

Ndinati ndimathamangitsa inu.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Ndawauza zoona. Sindikanatha kupita nawo Lachisanu ali mumdima. Ndinati, "Bambo, chiyambireni mtima wanu sunatsikepo kufika pa 12 paja. Ngakhale theka lake."

Iwo anati, "Koma ine ndikudzimva bwino. Ndikafika pamwamba ndimaumva ukugunda, inde, koma umakhala phee musanamalize n'komwe kuwerenga nkhunda zanu."

"Ndiye chala changa chikunama?"

"Sindinatero."

"Mwatero."

Amuna ndi choncho. Mmene mtsempha unkatsekeka muja ankatinso ndi mpweya wa m'mimba, akumwa madzi a soda, nkhope itachita phulusa. Ndinawakumbutsa, ndipo sindinasankhe mawu. Iwo anadzuka, anatsika okha mpaka pansi, n'kukwera akuimba mluzu kuti ndimve. Ine ndinawadikira pakhomo, mtima uli m'mwamba. Atafika anandipatsa mkono okha, monyada.

Poyamba 104. Patatha mphindi, 104. Lero sikunachepe ndi kumodzi komwe.

Ndinalira pomwepo, pa masitepe, mkono wawo uli m'manja. Mayi wa amphaka ayenera kuti anamva zonse, amve. A Mdala ndi dzanja linalo ankandisisita paphewa.

"Kwa mwana si kumanda, mayi."

"Zili choncho kwa inu," ndinatero.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndasita shati yawo yabuluu. Ndamaliza makatani a mayi wa ku banki, ndathira mafuta mashini. Mtsikana wina anabwera ndi nsalu ya diresi ya ukwati, yoyera, yoterera, chala changa chinaikonda pompo. Ndamuuza kuti abwere Lolemba, ndidzakhala ndikudziwa.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Sindikudziwa poyambira.

Mtsikana wa fiziyo anawakweza a Mdala pa njinga ija, n'kuwapanika kachipangizo pachala. Anapalasa mpaka thukuta kamukamu. "Imani." Tonse maso pa kagalasi koonetsa nambala. Inayamba kutsika, kutsika, mosakayika, ngati munthu wotsika masitepe a kwawo. Mphindi ikutha inali itachepa ndi 20 n'kupitirira.

"Mwakhoza, bambo. Mtima uwu ukubwerera bwino."

Ine ndinati makina anuwo ndi owonongeka. Ndinamutchulira manambala anga onse pamtima. Iye anati, "Tandionetsani mmene mumagwirira, mayi." Ndinagwira. Anayang'ana chala changa chachikulu, anaphimba pakamwa, kenako anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Mayi, chala chachikulu chili ndi mtsempha wakewake umene umagunda. Mukadina nacho mwamphamvu chonchi, mumamva mtima wanu. Masiku onsewa mwakhala mukudziwerenga nokha."

A Mdala anaseka nawo. Inenso ndinayamba kuseka, ndi manyazi omwe, nditakumbuka zimene ndinalemba Loweruka zija. Mitima kuphunzirana mayendedwe! Nkhalamba yonseyi. Ndipo pansi pa manyaziwo chimwemwe chinkakwera: akhoza, ali moyo, sitikusamuka, diresi ya ukwati ija ndiisoka.

Amene anayamba kusiya kuseka ndi mtsikanayo.

"Mwati imachepa ndi zingati?"

"Ndi 4."

"Ndipo mumakwera nawo limodzi?"

"Kupatula dzana. Dzana ndinangoima pakhomo."

"Mutangoima, n'kupeza 104?"

Anatenga mkono wanga ndi zala zake ziwiri zozizira. Anayang'ana mapazi anga m'patapata muja, anawerama, n'kudina pamwamba pa kakolo. Chala chinasiya kadzenje kamene sikanabwerere. "Khalani apa," anatero. "Musadzuke." Mawu ake anali atasintha, anali aulemu kwambiri.

Tinalowa m'mawa, tatuluka dzuwa litapendeka. Mawaya pachifuwa, magazi, chithunzi cha mtima. Ndinauona pa kanema, wotuwa, ukutsegula ndi kutseka pakamwa, ndipo ndinaumvera chisoni ngati wa munthu wina. Adokotala akuti watopa, sukupopa mokwanira, ndipo sunayambe dzulo. Mankhwala alipo, akuti anthu amakhala nawo zaka. Kenako anafunsa kuti timakhala m'nyumba yotani. A Mdala anafotokoza. Adokotala anasiya kulemba.

"Mayi, masitepe amenewo si anzanu."

Pobwera ndinapuma pokhotera paliponse. A Mdala ankangoima sitepe imodzi pansi panga mpaka ndinyamukenso.

Manijala waimba kangapo. Ndawaletsa kuyankha. Ndinati, "Mayeso anali anu, mwakhoza. Pangano linali limenelo. Zangazi sizikumukhudza."

Loweruka, 17 Ogasiti

Sindinatsike lero. Buledi anakagula ndi iwo. Ndinakhala pazenera, mankhwala ali m'mimba, manja pamiyendo, ndikumvera mapazi awo akutsika, opepuka, mpaka chitseko cha pansi chinatsekeka. Ndinasuzumira n'kuwaona akudutsa msewu, kamunthu kakang'ono ka shati yabuluu. Mzimayi wogulitsa maluwa pakona anali akuwaza madzi pa ndowa zake. Ana a sukulu ya Loweruka. Basi ikuima, basi ikunyamuka. Zonse zokongola, zonse kutali. Ndinaganiza kuti ndingathe kukhala chonchi. Makasitomala azikwera, a Mdala azitsika, ine ndizingoona. Ndinayesa kulikonda ganizo limeneli, ndinalitembenuza uku ndi uku, koma silinandikwane.

Foni inalira tikumwa tiyi. Ndisanatambasule dzanja, a Mdala anali ataitenga kale n'kupita nayo kukhitchini, ngati nyumba yathu ili ndi kobisala.

"Mwanangu. Eya, tinapita. Ayi, sizinayende. Ndalephera. Injini yakana, masitepe awa andikulira." Anamvetsera. "Usalire. Bwera udzatitenge basi. Koma amayi ako uwalankhule bwino, wamva? Akusiya nyumba yawo ndi makasitomala awo chifukwa cha ine."

Zaka zonsezi sindinawamvepo akunama osachita chibwibwi. Lero sanachite chibwibwi.

Anabwera n'kundipatsira foni, maso ali kumbali. Ananong'ona kuti, "Mungovomera. Zinazo tikanena tikafika. Kapena osanena."

Ndinkamumva Manijala akulira, osati kulira kwa bwana ayi, kuja kwa ali mwana, kwa mamina ndi ntchofu. "Amayi, abambo atisiya? Musandibisire."

Ndinawayang'ana a Mdala. Munthu wamphumphu, wokhoza mayeso, ataima pakati pa nyumba, wokonzeka kukakhala wodwala wabodza moyo wake wonse kuti ine ndisaweramitse mutu. Mkwiyo unabwera kaye, wotentha, kenako unaphwa n'kundisiya ndilibe chogwira.

"Pukuta misozi," ndinatero. "Abambo ako ndi abodza, ali bwino kuposa iwe. Tikubwera, koma osati chifukwa cha iwo. Uli chiimire? Peza mpando kaye, mwanangu."